Ulendo wa Nthano ya Romeo ndi Juliet pa Bwalo la Zisudzo

Nthano yokoma sikhala pamudzi umodzi. Imayenda ndi apaulendo, imawoloka mitsinje, ndipo kulikonse kumene yafika imavala zovala za eni dera. Kalulu amene adapusitsa njovu m'nthano ya mudzi uno, kutsidya amakapusitsa mkango, koma kuchenjera kwake n'komweko. Izi zimachitikanso ndi masewero a pabwalo la zisudzo. Mwa nkhani za chikondi chothera kumanda, ndi zochepa zimene zayenda ulendo wautali ngati ya Romeo ndi Juliet. Mbadwo uliwonse umaifotokozanso, ndipo poifotokozapo umayankha funso limodzi: kodi adapha ana awiriwa ndani? Yankho lake lakhala likusintha, ndipo kusinthako kumaonetsa zimene zinkawasautsa anthu a nthawi iliyonse.

Anthu ambiri amaganiza kuti nkhaniyi adaipeka ndi William Shakespeare, koma iye adaipeza ili kale ndi imvi. Cha m'ma 8 A.D., mlakatuli wa ku Rome dzina lake Ovid adalemba za Pyramus ndi Thisbe, mnyamata ndi mtsikana a mumzinda wa Babylon amene nyumba zawo zidali zogundana. Makolo adawaletsa kukwatirana, choncho ankanong'onezana kudzera pamng'alu wa khoma. Tsiku lina adapangana zokakumana usiku kunja kwa mzinda, patsinde pa mtengo wa mabulosi. Thisbe adayamba kufika, koma ataona mkango waukazi wa magazi kukamwa adathawa nataya mpango wake, mkangowo n'kuung'amba. Pyramus atafika adaona mpango wamagaziwo, ndipo poganiza kuti bwenzi lake lajiwa, adadzibaya ndi lupanga. Thisbe pobwerera adampeza akutsirizika, nayenso adadzibaya ndi lupanga lomwelo. M'nkhani imeneyi muli kale mizati inayi imene alembi onse a pambuyo adamangirapo: makolo oletsa, chikondi chobisa, uthenga wolakwika ndi maliro awiri.

Nkhani yofanana nayo idaphukanso ku Italy patapita zaka zoposa 1,400. M'chaka cha 1476 Masuccio Salernitano adalemba za okondana awiri a mumzinda wa Siena, ndipo m'nkhani yake muli wansembe womanga ukwati mobisa, kupirikitsidwa kwa mnyamata atapha munthu, ndi mankhwala ogonetsa ochititsa munthu kuoneka ngati wafa. Cha m'ma 1530 Luigi da Porto adasamutsira nkhaniyo ku Verona, adapatsa okondanawo maina a Romeo ndi Giulietta, ndipo adawaika m'mabanja awiri odana. Matteo Bandello adailembanso mu 1554, Pierre Boaistuau adaimasulira m'Chifalansa mu 1559, ndipo mu 1562 Mngerezi wina, Arthur Brooke, adaisandutsa ndakatulo yaitali ya mizere yoposa 3,000. Brooke ndiye adapereka yankho loyamba lomveka bwino pa funso lija. M'mawu otsogolera a buku lake adaloza chala okondanawo, ponena kuti adagwa m'tsoka chifukwa chotsata zilakolako, kunyoza malangizo a makolo ndi kumvera alangizi olakwika. Kwa iye nkhaniyi idali chenjezo kwa achinyamata osamva.

Shakespeare adatenga ndakatulo ya Brooke n'kuiumba kukhala sewero cha m'ma 1595, ndipo lidasindikizidwa koyamba mu 1597. Zinthu zitatu zimene adasintha ndizo zidapatsa nkhaniyi moyo wautali. Choyamba, adafupikitsa nthawi. Kwa Brooke zonse zimachitika m'miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, pamene kwa Shakespeare zimayamba Lamulungu n'kutha Lachinayi m'mawa, kotero kuti palibe amene akupeza mpata wokhala pansi n'kuganiza. Chachiwiri, adatsitsa msinkhu wa Juliet kuchoka pa zaka 16 kufika pa zaka 13, ndipo potero chikakamizo cha bambo ake chakuti akwatiwe ndi Paris chimaoneka kuti ndi nkhanza zenizeni. Chachitatu, adakuza mtengambali wotchedwa Mercutio, mnzake wa Romeo wokonda nthabwala, amene si wa banja la Montague kapena la Capulet koma akuphedwa pa mkangano wa mabanjawo. Imfa yake ndiyo ikuchititsa Romeo kupha Tybalt, msuweni wa Juliet, ndipo kuchokera pamenepo sewero limene lidayamba ndi phwando likulowera kumanda.

Kalata yodziwitsa Romeo kuti Juliet sadafe koma wangogona ikulephera kufika chifukwa wansembe woitenga watsekeredwa m'nyumba poganiziridwa kuti ali ndi mliri. Anthu a ku London ankaudziwa bwino mliri, popeza udatseketsa nyumba za zisudzo kwa nthawi yaitali pakati pa 1592 ndi 1594. Choncho kwa Shakespeare tsoka lili ndi gawo lake. Komabe potsiriza Kalonga wa Verona akudzudzula abambo awiri aja, amene akugwirana chanza pamene anthu asanu ndi mmodzi afa kale. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zidapota akulu, koma m'seweroli nkhuyu adadya ndi akulu, zidapota ana. Chala chimene Brooke adaloza achinyamata, Shakespeare adachitembenuzira kwa makolo ndi chidani chawo chimene chiyambi chake palibe akuchikumbuka.

Si onse adakhutira ndi mathero otere. Nyumba za zisudzo ku England zidatsekedwa mu 1642 pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, ndipo zitatsegulidwanso mu 1660 zokonda za oonerera zidali zitasintha. Akazi adayamba kuloledwa kusewera, pamene kale mbali ya Juliet ankaitenga ndi mnyamata. James Howard adakonza seweroli kuti okondanawo apulumuke, ndipo kwa kanthawi ankati lero aonetse lothera m'maliro, mawa lothera m'chisangalalo. Mu 1679 Thomas Otway adasamutsira nkhaniyo ku Rome wakale, pakati pa atsogoleri olimbirana ulamuliro, ndipo adadzutsa mtsikana mnyamata asanatsirizike kuti atsanzikane, monga zidalili m'nkhani ya da Porto. David Garrick adasunga kutsanzikana kumeneku m'sewero lake la mu 1748, limene lidalamulira mabwalo kwa zaka pafupifupi 100, mpaka mu 1845 pamene mayi wa ku America, Charlotte Cushman, adabwerera ku mawu a Shakespeare mumzinda wa London, iye mwini akusewera ngati Romeo ndipo mng'ono wake Susan ngati Juliet. Ngakhale Sergei Prokofiev wa ku Russia, popeka nyimbo za gule wa nkhaniyi mu 1935, adafuna kuti awiriwa akhale ndi moyo, poti akufa savina. Koma pamene guleyo ankaonetsedwa ku Leningrad mu 1940, mathero achisoni adali atabwerera.

Kusintha kwakukulu koposa kudachitikira ku New York. Mu 1949 katswiri wokonza magule, Jerome Robbins, adauza wopeka nyimbo Leonard Bernstein ndi mlembi Arthur Laurents maganizo ake olemba Romeo ndi Juliet wa makono. Poyamba adafuna kuti mkangano ukhale pakati pa Akatolika ndi Ayuda a kum'mawa kwa mzindawo, koma ntchitoyo idaima kwa zaka zingapo chifukwa adaona kuti nkhani yotere idali itafotokozedwa kale ndi ena. Mu 1955 Bernstein ndi Laurents adakumana ku Los Angeles pa nthawi imene nyuzipepala zidadzaza ndi nkhani za magulu a achinyamata omenyana m'misewu. Apo m'pamene adazindikira kuti Verona wawo adali pakhomo pomwepo.

Chilumba cha Puerto Rico chidalowa m'manja mwa America mu 1898, ndipo anthu ake adapatsidwa unzika wa dzikolo mu 1917. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, zikwizikwi za anthuwa zidasamukira ku New York kukafuna ntchito. Pamalamulo adali nzika, koma m'misewu ankaonedwa ngati obwera chifukwa cha khungu lawo ndi chiyankhulo chawo cha Chisipanishi. Adakakhala m'madera a anthu osauka, moyandikana ndi ana a azungu amene makolo awo nawonso adachita kubwera kuchokera ku Poland, Ireland ndi Italy. Alembi aja adatenga magulu awiriwa n'kuwaika m'malo mwa mabanja a Montague ndi Capulet. Atalowapo mnyamata wa zaka za m'ma 20, Stephen Sondheim, kudzalemba mawu a nyimbo, sewero la West Side Story lidabadwa. Lidayamba kuonetsedwa ku New York pa 26 September 1957 m'nyumba ya zisudzo ya Winter Garden. Dzulo lake, asilikali a boma adali ataperekeza ana asanu ndi anayi achikuda kulowa sukulu ya azungu mumzinda wa Little Rock. Oonerera sadafunike wowamasulira tanthauzo la seweroli.

Wodziwa sewero la Shakespeare amazindikira msanga atengambali ake m'zovala zatsopano. Romeo wasanduka Tony, mwana wa anthu ochokera ku Poland, amene adayambitsa gulu la Jets koma tsopano akugwira ntchito m'sitolo. Juliet ndi Maria, mtsikana wongofika kumene kuchokera ku Puerto Rico, mlongo wa Bernardo, mtsogoleri wa gulu la Sharks. Riff waima m'malo mwa Mercutio, Chino m'malo mwa Paris, Anita m'malo mwa mlezi wa Juliet, ndipo mwini sitolo, Doc, m'malo mwa wansembe. Khonde la m'mwamba la nyumba ya olemera lasanduka makwerero achitsulo othawirapo moto kuseri kwa nyumba yosanja ya anthu osauka. Malupanga asanduka mipeni ya m'thumba. Magulu awiriwa sakulimbirana chuma kapena ufumu, koma kamsewu kamene sikali ka aliyense wa iwo. Pokonzekera seweroli Robbins ankaletsa osewera a magulu awiriwa kuchezerana, pofuna kuti kusakhulupirirana kwawo kuoneke koona pabwalo.

Koma pali malo atatu pamene alembi adapatuka pa njira ya Shakespeare, ndipo m'malo amenewa ndi mmene muli yankho lawo. Poyamba, makolo saoneka pabwalo. Akuluakulu ooneka ndi apolisi, mmodzi wa iwo wonyoza poyera anthu a ku Puerto Rico, ndi anthu ena ofooka amene achinyamata sawamvera. Ana awa sadalandire chidani kwa bambo mmodzi, adachipuma mumpweya wa mzinda wonse. Kachiwiri, uthenga sukusokonezedwa ndi mliri. Tony atapha Bernardo pobwezera imfa ya Riff, Maria akupempha Anita, amene adali bwenzi la Bernardo, kuti apite kusitolo ya Doc kukauza Tony kuti amudikire. Anita akuvomera ngakhale ali pachisoni, koma atafika anyamata a Jets akumutukwana chifukwa cha mtundu wake n'kuyamba kumuchita chipongwe. Mwaukali iye akunama kuti Chino wapha Maria. Tony atamva akuthamangira mumsewu kuitana Chino kuti amuphe nayenso, ndipo chipolopolo chikumupeza pa nthawi yomwe waona Maria ali moyo. Apa tsoka silikuchokera kumwamba. Bodza limene lapha Tony lachokera m'nkhanza za anzake omwe.

Kachitatu, Maria sakufa. Akutola mfuti ya Chino, akuiloza magulu onse awiri n'kuwauza kuti onse ndiwo apha, ndipo kuti iyenso tsopano waphunzira kudana. Kenaka akulephera kuwombera. Anyamata a mbali zonse ziwiri akunyamulira limodzi mtembo wa Tony, Maria akutsatira pambuyo. Mathero amenewa ndi olemera kuposa a Verona m'njira imodzi: palibe Kalonga wogamula mlandu, palibe abambo ogwirana chanza, ndipo wotsala ayenera kukhala ndi bala lake moyo wake wonse. Seweroli lidaonetsedwa ka 732 pa ulendo wake woyamba ku Broadway, ndipo filimu yake ya mu 1961 idalandira mphotho khumi za Academy.

Komabe wodzudzula tsankho naye amadzudzulidwa. Palibe mmodzi mwa alembi anayi aja amene adali wa ku Puerto Rico, ndipo amene adasewera ngati Maria poyamba, Carol Lawrence, sadali wa kumeneko. Anthu ambiri a chilumbacho adadandaula kuti seweroli lidazolowetsa dziko kuwaona ngati anthu a mipeni. Madandaulowo adamveka pang'onopang'ono. Mu 2009 Laurents adaonetsanso seweroli mbali zina zili m'Chisipanishi, atamasulira nyimbo zake Lin-Manuel Miranda, ndipo mu filimu ya Steven Spielberg ya mu 2021 mbali za a Sharks zidaperekedwa kwa osewera amene makolo awo ndi a ku Latin America. Apa padaonekera funso lachiwiri limene masewero a makono sangalithawe: kodi akufotokoza nkhaniyo ndani, ndipo m'chiyankhulo cha yani?

Funso limeneli lidayankhidwa molimba mtima ku Jerusalem mu 1994, patangopita miyezi yochepa chisainireni pangano la mtendere la Oslo mu 1993. Gulu la zisudzo la Aisraeli la Khan ndi la Apalestina la Al-Kasaba adagwirizana kuchita seweroli pamodzi, motsogozedwa ndi Eran Baniel ndi Fouad Awad. Banja la Montague lidali la Apalestina oyankhula Chiarabu, la Capulet la Aisraeli oyankhula Chiheberi. Kukonzekera kudasokonezeka pamene Apalestina 29 adaphedwa akupemphera mumzikiti ku Hebron mu February 1994, ndipo kutsekedwa kwa misewu kudavutitsa ena mwa osewera kufika ku malo okonzekerako. Chidani chimene ankachisewera pabwalo chinkawadikira pakhomo akamatuluka. Ngakhale zidali choncho seweroli lidaonetsedwa chaka chomwecho.

Mu 2012 Monadhil Daood wa ku Iraq adalemba Romeo and Juliet in Baghdad m'Chiarabu cha kwawo, ndipo adakalionetsanso ku Stratford-upon-Avon, kwawo kwa Shakespeare. Iye adachititsa Montague ndi Capulet kukhala abale a mimba imodzi, wina woimira Asilamu a Chisunni, wina a Chishia, pofuna kuonetsa kuti nkhondo imene idatsatira kulowa kwa asilikali a America mu 2003 idagawa anthu a magazi amodzi. Paris adamusandutsa munthu wa zauchifwamba wochokera kunja, wobisala m'chipembedzo. Potsiriza Romeo ndi Juliet athawira m'tchalitchi, ndipo Paris akulowa atadzimangirira bomba. Okondanawa sakudzipha, akuphedwa. Oonerera a ku Baghdad ankakumbukira anthu ambiri amene adaphedwa m'tchalitchi cha mumzinda wawo mu October 2010.

Alembi ena a posachedwapa adafunsa ngati imfa ya mtsikanayo ili yofunika n'komwe. Sewero la nyimbo lotchedwa & Juliet, lolembedwa ndi David West Read, lidayamba kuonetsedwa ku Manchester ndi ku London mu 2019. M'menemo Anne Hathaway, mkazi wa Shakespeare, akutsutsa mwamuna wake n'kutenga cholembera kuti Juliet adzuke kumanda kuja, aike mpeni pansi ndi kupita kukayamba moyo wina. Howard adapulumutsa okondanawo kuti oonerera asalire, koma apa cholinga n'china: kukana maganizo akuti moyo wa mtsikana umatha pamene wataya mwamuna amene wamudziwa masiku anayi.

Nthano ija idafikanso ku Malawi. Kwa zaka zingapo Romeo and Juliet lidali limodzi mwa mabuku a mayeso a MSCE, ndipo mu 2016 lidaonetsedwa m'Chichewa pa dzina lakuti Romio ndi Julieti, atalimasulira mlembi Stanley Onjezani Kenani, motsogozedwa ndi Amy Bonsall. Mmalawi woonera seweroli safuna womuuza kuti ukwati si wa anthu awiri okha. Amadziwa kuti ukwati womangidwa popanda ankhoswe uli ngati nyumba yopanda mzati, choncho amaona msanga kulakwa kwa wansembe ndi mlezi amene adabisa nkhani yaikulu chotere. Amamudziwanso bambo wokakamiza mwana wa zaka 13 kukwatiwa ndi munthu wachuma, pakuti mchitidwe umenewu ndiwo udachititsa kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo isinthe malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18.

Poyang'ana ulendo wonsewu, zikuoneka kuti mizati inayi ya Ovid idakalipo, koma wolakwa wakhala akusintha nkhope. Kwa Brooke adali ana osamva. Kwa Shakespeare adali makolo osunga chidani, mothandizidwa ndi tsoka ndi phuma. Ku New York lidali tsankho la mitundu pakati pa amphawi okhaokha, ku Jerusalem mkangano wa dziko, ndipo ku Baghdad chipembedzo chogwiritsidwa ntchito ngati chida. Chinanso n'chakuti masewero a makono akhala akuchotsa mpeni m'manja mwa okondanawo. Maria adatsala ndi moyo, a ku Baghdad adachita kuphedwa, ndipo Juliet wa mu 2019 adasankha kupitiriza moyo. Alembi amenewa adaona kuti kudzipha sikudapulumutse chikondi cha wina aliyense, ndipo kuti kukometsera imfa yotere kumabisa amene ayenera kuyankha mlandu.

Wophunzira amene akuwerenga kapena kusewera nkhaniyi lero ali ndi ntchito yofanana ndi imene Laurents ndi Daood adaigwira. Ayenera kuyang'ana m'dera lake n'kupeza khoma limene limalekanitsa mabanja, kaya ndi mtundu, mpingo, chipani kapena chuma, ndi kufunsa kuti adalimanga ndani komanso akupindula nalo ndani. Abambo a ku Verona adadzifunsa zimenezi ataimirira pamanda a ana awo. Sewero limapatsa oonerera mwayi wodzifunsa ana adakali moyo.